Dzuwa la Okutobala Limamwa Nawo Mafuta: Za Kutentha, Utsi ndi Maulendo a ku Machinjiri

Mwezi wa Okutobala ukafika, nyenje zitayamba kulira m'mitengo yowerengeka imene idatsala m'munsi mwa phiri la Ndirande, ndipo fumbi la m'misewu ya ku Machinjiri litayamba kuwotcha mapazi a ana opita kusukulu, pamabuka dandaulo limodzi pakati pa oyendetsa maminibasi, ma Sienta ndi njinga zamoto za kabaza, dandaulo limene limamveka pasiteji ya pa Luwanda monga momwe limamvekera ku depoti ya ku Limbe, lakuti mafuta a masiku ano sakhalitsa. Ena amaloza chala mapampu a pamalo omwetsera mafuta. Ena amati petulo wachuluka ethanol. Eni magalimoto nawo amakayikira anyamata awo kuti kapena amapopa usiku. Koma ndi owerengeka amene amakweza maso kumwamba ndi kufunsa ngati dzuwa limene likuwawotcha paliwombolo silikumwa nawo m'thanki.

Funso limeneli si lachibwana, ndipo silikhudza thumba la mwini galimoto lokha ayi. Pakuti lita iliyonse ya petulo imene yapsa m'injini imatulutsa makilogalamu 2.3 a mpweya wa kaboni, ya dizilo imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7, ndipo mpweya umenewu, ngakhale suoneka ndi maso ndiponso ulibe fungo, ndiwo umene ukuunjikana mumlengalenga ndi kutsekereza kutentha kuti kusachoke padziko. Chotero galimoto imene yamwa malita 12 pa ulendo umene ukadatha ndi malita 10 yalanga anthu awiri nthawi imodzi: mwini wake, amene wagula malita awiri osamufikitsa kulikonse, ndi mlimi wa ku Nsanje amene sadakwerepo galimotoyo koma chimanga chake chikufota m'munda. Ngati kutentha kumachulukitsa mafuta amene galimoto imamwa, pamene mafuta opsawo akuchulukitsanso kutentha, ndiye kuti zinthu ziwirizi zikudyetsana, ndipo nkofunika kuti tizimvetse bwino tisanayambe kugawa milandu.

Nyengo yasinthadi

Kuti kunja kukutentha kuposa masiku a makolo athu sitifunika kuitana mboni yakutali, komabe mboni zilipo. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la World Meteorological Organization lidalengeza kuti chaka cha 2024 chidatentha kuposa zaka zonse chiyambire kulemba kaundula wa nyengo. Kuno kwathu, mu Okutobala 2023, nthambi ya boma yoona za nyengo, imene likulu lake lili mumzinda womwe uno wa Blantyre, idachenjeza kuti m'chigwa cha Shire kutentha kufika madigiri 44; ndipo patangopita miyezi isanu, mu Malichi 2024, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'ngozi ya chilala. Machinjiri si Ngabu, pakuti Blantyre idamangidwa pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pali madzi a nyanja yamchere, ndipo mtunda umaziziritsa. Koma nkhalango imene idafunda phiri la Ndirande idatha m'zaka za m'ma 1990, malata adachuluka, njerwa ndi phula zidalowa m'malo mwa udzu, kotero kuti mpweya umene galimoto imakoka pamwamba pa msewu wa tala masana ndi wotentha kuposa umene azanyengo amayeza pamthunzi.

Zochitika m'kati mwa injini

Tisalinamizire dzuwa milandu imene silidapalamule. Nyengo yofunda bwino imaikomera galimoto, chifukwa injini imafika msanga pa kutentha kumene idapangidwira, oilo amakhala wopepuka, ndipo mafuta amapsa bwino. M'mawa wa chiperoni mu Juni, injini idakali yozizira, galimoto imamwa kwambiri kuposa m'mawa wa mu Sepitembala. Vuto limayamba pamene kufunda kwapitirira muyeso, ndipo limalowera makomo angapo.

Khomo loyamba ndi la mpweya. Mafuta sapsa okha, amafuna mpweya, ndipo mpweya ukatentha umamwazikana, nukhala wochepa m'malo omwewo: wa madigiri 35 umapepuka ndi magawo 6 pa 100 alionse poyerekeza ndi wa madigiri 15, ndipo kuno kumtunda umakhala utapepuka kale ndi magawo ngati 10 pa 100 poyerekeza ndi wa kudoko la Beira. Galimoto zamakono zili ndi kakompyuta kamene kamachepetsa mafuta mpweya ukachepa, ndipo injini ya petulo ikatentha kwambiri kamachedwetsa moto wa mapulagi poopa kuti ingayambe kugogoda. Injiniyo imapulumukadi, koma mphamvu zimatsika, ndipo dalaivala amaponda kwambiri kuti akwere chitunda chomwe chija. Koma minibasi yakale ya dizilo, imene pampu yake imathira mafuta monga mwa kuponda kwa phazi popanda kufunsa ngati mpweya ulipo wokwanira, imafuka utsi wakuda monga imachitira mbaula imene khomo lake lakunsi latsekeka ndi phulusa. Utsi wakuda umene timauona kumbuyo kwa minibasi pokwera mtunda wa ku Limbe ndi dizilo wogulidwa ndi ndalama amene watuluka asadagwire ntchito, ndipo mwaye wake nawo umagwira kutentha kwa dzuwa, kuwonjezera pa kudwalitsa zifuwa za amayi ogulitsa tomato m'mphepete mwa msewu.

Khomo lachiwiri ndi la madzi. Mwa mphamvu zonse za m'lita ya mafuta, zimene zimatembenuza matayala sizipitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Zotsalazo zimasanduka kutentha, kumene kumayenera kutuluka kudzera ku ekizozi ndi ku redieta. Redieta imataya kutenthako poupatsira mpweya wakunja, ndipo mpweyawo ukakhala wotentha kale umalandira pang'ono.

Aliyense amene amakwera minibasi za ku Machinjiri, kaya zodzera ku Nkolokoti kupita ku Limbe kaya zodzera ku Chirimba kupita ku Blantyre, adaonapo mwambo umene umatsatira. Galimoto imapatuka pambali pa chitunda, dalaivala amapempha mwaulemu kuti, "Akutsogolo, tatsikani kaye pang'ono," mpando umatukulidwa chifukwa injini ya Hiace ili kunsi kwake, ndipo nthunzi yotentha imadzaza m'galimoto monse mpaka amene akhala kumbuyo ayamba kudzikupiza ndi zitenje. Kondakitala amasolola chigubu cha malita asanu pansi pa mpando, nakulunga chiguduli padzanja, natsegula chitsekerero cha redieta atatembenuzira nkhope kumbali, ndipo madzi a dzimbiri akatha kufwamphuka amathiramo ena a pamjigo, injini ikulirabe. Okwera amadandaula za kuchedwa, wina amafunsa ngati abwezeredwe ndalama, kondakitala amati, "Tikupita pompano, bwana," ndipo ulendo umapitirira kufikira chitunda chotsatira.

Madzi a pamjigo amenewo ndiwo mbewu ya kuwira kwa mawa, pakuti amasiya dzimbiri ndi miyala yoyera m'timipaipi ta redieta, timene timanka titsekeka chaka ndi chaka. Ndipo popeza kuno kumtunda madzi amawira pa madigiri 97 osati 100, chitsekerero chikakhala chotha mphira, chosagwira mpweya, madziwo amawira msanga koposa. Mwini galimoto akatopa amapita kwa makaniko, ndipo makaniko ambiri a m'makwalala athu ali ndi mankhwala amodzi amene amawakhulupirira: kuchotsa thermostat, namati kachipangizoka adapangira maiko a chisanu. Galimotoyo imaleka kuwira kwa masiku angapo, koma kuyambira tsiku limenelo injini imayenda yozizira m'mawa uliwonse ndi potsetsereka paliponse, ndipo injini yozizira imamwa mafuta ambiri ndi kutha msanga. Redieta yotsekeka ija imakhala ili pomwepo. Pochotsa thermostat mwini galimoto wapulumutsa ndalama za kwa makaniko tsiku limodzi, nadzisenzetsa ngongole ya papampu chaka chonse.

Mafuta opsa galimoto itaima

Komabe mafuta ambiri amene dzuwa limatilanda samapsa galimoto ikuyenda. Kutentha kumafupikitsa moyo wa batire, ndipo dalaivala amene batire lake lafooka, kapena sitata yake imavuta ikatentha, sayerekeza kuzimitsa injini pasiteji, poopa manyazi opempha okwera kuti akankhe. Winanso amaisiya ikulira, naiponda pang'onopang'ono, kuti wobwera aganize kuti galimoto yatsala pang'ono kunyamuka, oitanira akufuula kuti kwatsala munthu mmodzi. Injini yongolira galimoto itaima imamwa lita imodzi kufikira malita awiri pa ola, malinga ndi kukula kwake. Pamphindi khumi sizioneka, koma akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo: minibasi imene imadikira mphindi 20 kumbali zonse ziwiri za ulendo, kangapo patsiku, masiku asanu ndi limodzi pasabata, imatentha malita ochuluka pamwezi popanda kusuntha ngakhale phazi limodzi.

Amene ali ndi galimoto zawozawo asaseke, pakuti iwo ali ndi khomo lawo lotayira mafuta, ndilo eyakoni. Unduna wa zamphamvu wa ku United States umanena kuti kukatentha kwambiri, makamaka pa maulendo aafupi, eyakoni ingachepetse mtunda umene galimoto imayenda pa lita ndi magawo oposa 25 pa 100 alionse. Ndipo maulendo a mumzinda wa Blantyre ndi aafupi onse, ambiri a iwo oyenda chokwawa pamdipiti wa magalimoto a m'mawa ndi madzulo mumsewu wa Masauko Chipembere. Galimoto imene yakhala padzuwa kuyambira m'mawa, magalasi ali chitsekere, imatentha m'kati kuposa kunja, ndipo mwini wake akangolowa ndi kuyatsa eyakoni, injini imayamba yagwira ntchito yotulutsa kutentha kumene kukadatuluka kwaulere akadatsegula zitseko mphindi imodzi. Ndiponso gasi wa R134a, amene ali m'maeyakoni a galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan, akadontha amatenthetsa dziko kuwirikiza nthawi zoposa 1,000 poyerekeza ndi mpweya wa kaboni wolemera chimodzimodzi. Nchifukwa chake maiko adapangana ku Kigali mu 2016 kuti achepetse magasi a mtundu umenewu. Amene amangowonjezera gasi chaka ndi chaka osatseka podontha sadziwa kukula kwa chimene akutayira kumwamba.

Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga tidaonera mu 2022 ndi kumapeto kwa 2024, zoipa zonsezi zimakumana pamalo amodzi. Magalimoto amandanda padzuwa tsiku lonse, akulizidwa ndi kuzimitsidwa kuti asendere mamita asanu, ena akuliza eyakoni kuti ana asakomoke, kotero kuti munthu amatentha mafuta podikira mafuta. Amene atopa ndi mzere amakagula a m'zigubu, ndipo petulo wa m'chigubu chimene chakhala padzuwa amakhala atataya kale mbali yake yopepuka, imene imauluka msanga kukatentha. Fungo limene limamveka pamalo otere ndi petulo amene akuthawa. Koma chikhulupiriro chakuti kumwetsa m'mawa kumapindulitsa chifukwa mafuta amakhala ozizira chili ndi phindu lochepa kwambiri, pakuti matanki a pamalo omwetsera ali pansi pa nthaka, pamene kutentha sikusintha kwenikweni pakati pa m'mawa ndi masana.

Za matayala tinene mwachidule. Madalaivala ambiri amaphwetsako mpweya kukatentha poopa kuti tayala lingaphulike, chonsecho tayala lophwa ndilo limapindika kwambiri poyenda, nilitentha, niliphulika, makamaka likakhala lakaunjika ndipo galimoto yanyamula anayi pampando wa atatu pamodzi ndi matumba a makala. Tayala lophwa limalemeretsanso galimoto, ndipo kungopopa monga mwa muyeso wake kungapulumutse mafuta okwana magawo atatu pa 100 alionse. Phula nalo likafewa ndi dzuwa limakwinyika pansi pa malole olemera, mvula ikabwera makwinyawo amasanduka maenje, ndipo dzenje lililonse ndi mabuleki, giya yotsika ndi kupondanso.

Ulendo wautali wa lita

Lita imene imathiridwa m'minibasi pa Area 5 ku Machinjiri imakhala itatentha kale mafuta ena kuti ifike pamenepo. Malawi alibe doko, ndipo mafuta ake amalowera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam. Ochokera ku Beira amabwera pamathankala amene amadutsa mu Tete, umodzi mwa mizinda yotentha koposa m'chigawo chino cha Africa, asadakwere mapiri a ku Zobue ndi Mwanza atasenza malita zikwi makumi atatu kapena kuposa. Njanji imanyamula katundu wolemera chimodzimodzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mafuta amene malole amafuna, ndipo chidali chinthu choyenera kuchiyamikira pamene mu 2024 sitima idafikitsanso mafuta ku Lilongwe kuchokera ku Nacala patapita zaka zoposa 20. Nkhokwe za mafuta za kampani ya boma ya NOCMA zili pa Matindi, kufupi ndi Lunzu, ulendo wosatalika kuchokera ku Machinjiri. Ethanol amene ena amamuda uja, amene amapangidwa ku Dwangwa kuyambira 1982 ndi ku Chikwawa kuyambira 2004, ali ndi mphamvu zocheperapo pa lita kuposa petulo, izi nzoona. Koma amachokera ku nzimbe za m'dziko momwe muno, safuna ndalama zakunja, sayenda ulendo wa ku Tete, ndipo amathandiza injini kuti isagogode kukatentha.

Ena amati yankho ndi galimoto ndi njinga zamoto zoyendera magetsi, ndipo m'dziko limene magetsi ake ambiri amachokera ku madzi a Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, mawu amenewa ali ndi nzeru. Komabe mabatire nawo sakondwera ndi kutentha, ndipo madzi a Shire akatsika ndi chilala, kapena namondwe akawononga monga adachitira Ana pa Kapichira mu Januwale 2022, majenereta a dizilo onga a pa Mapanga, pafupi pomwepa, ndiwo amene amalira. Nyengo yoipa imatipeza ku mbali zonse ziwiri.

Muyeso woona ndi wa munthu mmodzi

Pofika pano wina angaganize kuti minibasi ndiyo mdani wamkulu, koma masamu akunena zina. Tiyerekeze ulendo wa makilomita 10. Galimoto yaing'ono yonyamula mwini wake yekha ikamwa lita imodzi ya petulo, munthu mmodziyo watulutsa makilogalamu 2.3 a kaboni. Minibasi ikamwa lita imodzi ndi theka ya dizilo itanyamula anthu 15, yatulutsa makilogalamu 4, ndipo aliyense wa okwerawo gawo lake silifika gawo limodzi mwa magawo atatu a kilogalamu. Mayi amene wapanikizika pampando wakumbuyo, thukuta lili kamukamu, dengu lili pamiyendo, ndiye akuyenda ulendo wosaipitsa dziko, ndipo bwana amene wamudutsa magalasi ali otseka wamuposa kasanu ndi katatu pa kutulutsa kaboni. Basi yaikulu yodzaza imachita bwino koposa apa. Ndipo achikulire akukumbukira masiku a United Transport Malawi, a Stagecoach ndi mabasi ake osanjikizana, ndi a Shire Bus Lines, pamene mabasi a mumzinda ankayenda pa nthawi yake. Lero mzinda umene pa kalembera wa 2018 udapezeka ndi anthu 800,000 umadalira magalimoto ang'onoang'ono osawerengeka, ndipo pamene msewu waipa kapena minibasi yachedwa kudzaza padzuwa, anthu amathawira ku Sienta ndi kabaza, zimene zimanyamula ochepa pa lita iliyonse. Umu ndi momwe kutentha kumaonongera kachiwiri: kumamwetsa injini mafuta ambiri, kenaka kumathamangitsa anthu kuchoka m'galimoto yonyamula ambiri.

Nzoona kuti mlandu wa kutentha kwa dziko suli pa Amalawi. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi makilogalamu 100 a mpweya wa kaboni pachaka kuchokera ku mafuta, pamene munthu wa ku United States amatulutsa matani oposa 10, ndipo maiko olemerawo ayenera kuthandiza maiko osauka ndi ndalama monga adalonjezera ku Paris mu 2015. Ngakhale zili tero, dziko lathu lidalonjeza mu 2021 kuti pofika 2040 lidzachepetsa mpweya woipa ndi magawo 51 pa 100 poyerekeza ndi momwe ukadachulukira, gawo lalikulu la lonjezolo likudalira thandizo lakunja; ndipo kuyambira mu Novembala 2019 eni magalimoto adayamba kulipira msonkho wa kaboni, umene poyamba udali K4,000 pachaka kwa injini zazing'ono kufikira K17,000 kwa zazikulu. Wolipira msonkho ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalamazo zidadzala mitengo ingati ndi kumanga mithunzi ingati pamasiteji a ku Machinjiri.

Koma ngakhale munthu atakhala wosasamala za mlengalenga, asamale za ndalama, pakuti pa nkhani iyi njira ya thumba ndi njira ya chilengedwe ndi imodzi. Dziko limene limasowa ndalama zakunja kufikira kwacha kugwa ndi magawo 44 pa 100 tsiku limodzi, monga zidachitikira mu Novembala 2023, silingakwanitse kugula mafuta oti azipsa galimoto itaima. Eni maminibasi, kudzera m'bungwe lawo la MOAM, angagwirizane kuti pasiteji izilira galimoto yokhayo imene ikunyamuka. Amakaniko atsuke redieta, asinthe chitsekerero, athiremo madzi ake oyenera, ndipo thermostat aisiye pamalo pake. Oyeza magalimoto asapereke chiphaso cha COF kwa galimoto yofuka utsi wakuda. Khonsolo ya mzinda ndi mafumu a m'madera adzale mitengo pamasiteji ndi m'mbali mwa misewu mvula ya chaka chino isadathe. Ndipo boma libwezeretse mabasi aakulu mumzinda ndi kuika mafuta ambiri panjanji. Zambiri mwa zimenezi sizidikira thandizo lochokera kutsidya kwa nyanja.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Inu a dalaivala, mawa m'mamawa matayala adakali ozizira ayezeni mpweya, yang'anani madzi a m'redieta musadanyamuke, ndipo mukafika pasiteji nkupeza anzanu atatu ali patsogolo panu, zimitsani injini.